Chipewa cha bwana chagwera m'kaunjika, musachigulitse mtengo wa tomato

Anzanga a geni, makamaka inu a kaunjika a mumsika wa Limbe, a kwa Tsoka ku Lilongwe, a ku Zomba ndi ku Mzuzu, lero ndabwera ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlanduwo ndinu. Mukadula zingwe za belo la zipewa, pakati pa makepu a matimu a mpira ndi zipewa zoluka za nyengo yachisanu pamatuluka nthawi zina kanthu kakuda kapena kotuwa, kophwatalala ngati kapondedwa ndi lole ya fodya. Ambiri mwa inu mumangokayang'ana kamodzi n'kukaponya pamulu wa sankhawekha kuti kapite pamtengo wa tomato wamadzulo. Ena mumayamba mwakaviika m'beseni la sopo waufa ati kayere. Apo ndiye mwakapheratu.

Kanthu kameneko n'kutheka kuti ndi chipewa cha ubweya wa kalulu chimene mwini wake woyamba anachigula mapaundi mazanamazana m'sitolo ya ku London. Chipewa chotere sichifa msanga. Chimavalidwa zaka makumi angapo, chikaphwanyika chimadzuka ndi nthunzi ya m'ketulo, ndipo alipo anthu m'tauni muno amene akuchisakasaka: abusa, ankhoswe, mafumu, madala opuma pantchito, oimba, ngakhale anyamata ofuna kutchena paukwati. Vuto ndi lakuti wogulitsa sachidziwa, wogula sadziwa kuchisamala, ndipo pofika nthawi yochivula onse awiri amangoyang'anana. Tiyeni tikambirane, paja safunsa anadya phula.

Sizonse zili za Wilson

Kuti timvane bwino, chipewa ndichitenga ngati nyumba. Chili ndi denga, lomwe ndi gawo lokwera limene mutu umalowamo. Chili ndi khonde, lija lozungulira lotchinga dzuwa. Pamene denga lakumana ndi khonde pamadutsa riboni, ndipo m'kati muli lamba wachikopa wogwira thukuta ndi kansalu koterera pamene pamalembedwa dzina la kampani. Kuno kwathu chipewa chilichonse chakhonde timangoti cha Wilson basi. Koma kwa eni ake zipewazi zili ndi maudindo ngati kubwalo la milandu, china ndi nyakwawa, china gulupu, china mfumu yaikulu.

Mfumu yaikuluyo ndi top hat, chija chachitali ngati kamgolo, chosalala pamwamba. Ndi chimene ankavala Abraham Lincoln, mtsogoleri wa America, ndipo iye ankasungamo ndi makalata omwe. Masiku ano chimaoneka pamaukwati apamwamba ndi pamaliro a anthu otchuka, komanso ku mpikisano wa akavalo wa Royal Ascot ku England mwezi wa June, kumene mwamuna saloledwa kulowa mbali ya banja lachifumu opanda chipewa chimenechi, chakuda kapena chotuwa. Zakale zenizeni ankazikuta ndi nsalu ya silika yonyezimira imene inaleka kupangidwa, kotero kuti chakale chosamalika bwino chimadula kuposa chatsopano. Chimenechi m'belo sichipezekapezeka, koma tsiku limene mudzachipeze musadzachipatse mwana kuti azikasewera nacho zisudzo kusukulu.

Gulupu ndi Homburg, ndipo ameneyu Amalawi tonse timamudziwa nkhope ngakhale dzina sitilidziwa. Ndi chipewa chija cha Dr Hastings Kamuzu Banda, chimene chinkayendera limodzi ndi suti ya zidutswa zitatu, magalasi akuda, ndodo ndi litchowa. Muchizindikire motere: pamwamba pa denga pali mzere umodzi wolowa m'kati kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, m'mbali mulibe motsinidwa, khonde lake ndi lolimba, lopindikira m'mwamba ndipo m'mphepete mwake anasokereramo riboni. Dzinali linachokera ku tauni ya Bad Homburg ku Germany, kumene mwana wa Mfumukazi Victoria, amene anadzakhala Mfumu Edward VII, ankakonda kukapuma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Atabwera nacho kwawo, mabwana onse anatengera. M'zaka za m'ma 1930 nduna yoona zakunja ya Britain, Anthony Eden, inkachivala kwambiri mpaka masitolo anayamba kuchitchula dzina la ndunayo. Nthawi yake ndi yomweyo imene Kamuzu anafika ku Edinburgh kukaonjezera maphunziro a udokotala, n'kudzagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London. Kumeneko Homburg chinali chipewa cha madokotala, maloya ndi andale. Pobwera kuno pa 6 July 1958 anabwera ndi kavalidwe kameneko, ndipo sanakasiye ngakhale Angerezi eni ake atakataya kalekale.

Kenaka pali bowler, cha denga lozungulira ngati chibade ndi lolimba gwa, chija cha Charlie Chaplin wa m'mafilimu oseketsa. Chinapangidwa koyamba mu 1849, sitolo ya Lock & Co. ya mumsewu wa St James's ku London itapatsidwa oda ndi munthu wina wachuma amene alonda a nkhalango yake ankangogwetsa zipewa zazitali akamadutsa pansi pa mitengo atakwera akavalo. Amisiri amene anachiumba anali Thomas ndi William Bowler. Akuti mwini odayo atabwera kudzachitenga anachiika pansi n'kuchiponda kawiri kuti aone ngati n'cholimbadi, kenaka analipira. Sitoloyo inayamba mu 1676 ndipo mpaka lero ikugulitsabe zipewa. Taonani geni imeneyo inu! Chipewa cha alondachi chinadzakhala cha akuluakulu a mabanki a mu London, ndipo ku Bolivia chinakathera pamitu ya amayi a mtundu wa Aymara, amene amachivala mpaka pano.

Zimene mumazipeza kawirikawiri m'belo ndi fedora ndi mng'ono wake trilby. Izi ndi zofewa, denga lake ndi lotsinidwa mbali zonse ziwiri kutsogolo, ndipo khonde limatheka kuligwetsa pamphumi. Trilby imasiyana chifukwa khonde lake ndi lalifupi, lotukuka kumbuyo. Chosekesa n'chakuti maina onse awiri ndi a akazi. Fedora linachokera ku sewero la mu 1882 la Mfalansa Victorien Sardou, limene mbali yaikulu anasewera ndi mayi Sarah Bernhardt, pomwe Trilby ndi dzina la mtsikana wa m'buku la George du Maurier la mu 1894. Zipewa zamtundu umenewu ndi zimene ambuye athu ankatsika nazo pobwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale, atazipendeketsa pang'ono, sutikesi yachitsulo kumanja, mudzi wonse n'kudziwa kuti mwamuna wabwera. Amalume anga ena anabwera nacho chotuwa, ndipo m'nyumba mwawo munali malamulo awiri: wailesi satsegula mwana, chipewa sakhudza munthu.

Chomaliza ndi Panama, choyera, chopepuka, choyenera kutentha kwa mwezi wa October. Dzina lisakupusitseni, chipewachi sichichokera ku Panama. Chimalukidwa ndi manja ku Ecuador, makamaka m'matauni a Montecristi ndi Cuenca, pogwiritsa ntchito masamba a chomera chonga mlaza chotchedwa toquilla. Chinatenga dzina la eni chifukwa chinkadutsira ku Panama popita kumisika yakunja, ndipo chinatchukiratu mu 1906 mtsogoleri wa America Theodore Roosevelt atajambulidwa atachivala poyendera ntchito yokumba ngalande ya Panama. Mu 2012 bungwe la UNESCO linaika luso loluka zipewazi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Cholukidwa mothinana kwambiri chimamutengera mmisiri miyezi ingapo ndipo chimagulidwa madola masauzande. Oluka zipewa za mlaza kwathu kuno amve zimenezi, asamadziderere.

Kalulu kapena nkhosa?

Tsopano pamene pagona ndalama. Kupatula Panama, zipewa zonsezi zimapangidwa ndi chinthu chotchedwa felt. Imeneyi si nsalu yoomba ayi, mulibe ulusi ngakhale umodzi. Ndi ubweya wokhawokha umene waumirizidwa kugwirana. Tsitsi lililonse la nyama lili ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndiye ubweya ukanyowetsedwa ndi madzi otentha n'kumaufinya ndi kuugubuduza, timambato timakolana mpaka kalekale. Kufakitale amauluzira ubweya pa chitsulo chosongoka chamabowo, pamatuluka chinthu chonga thumba lalikulu, n'kumachichepetsa ndi madzi otentha mpaka chifike msinkhu wa chipewa. Akatero amachinyika mu utoto, kuchithira shellac, womwe ndi utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India ndi maiko oyandikana nawo, kuti chilimbe, n'kuchiumba pa chipika chathabwa ndi nthunzi. Pomaliza amachipala ndi sandipepa kuti chisalale. Musaiwale za shellac ndi nthunzizo, tizifuna kutsogoloku.

Ubweya wapamwamba kuposa wonse ndi wa beaver, kanyama ka m'mitsinje ya maiko ozizira. Azungu anakasaka mpaka kanatsala pang'ono kutheratu ku Ulaya, ndipo njala ya ubweya umenewu ndi imene inabala kampani ya Hudson's Bay mu 1670, yomwe inkagula zikopa m'dera lalikulu la dziko limene lero ndi Canada. Eetu, chipewa chinatsegula maiko. Wotsatira ndi ubweya wa kalulu, woweta ndi wakutchire, ndipo zipewa zabwino zambiri ndi za umenewu. Pansi pake pali ubweya wa nkhosa. Pansi penipeni pali zapulasitiki zongofanizira, zimene zadzaza m'masitolo otchipa masiku ano.

Ntchitoyi inapwetekanso anthu. Kale pofewetsa ubweya ankagwiritsa ntchito mankhwala a mercury, ndipo amisiri opuma mpweya wake tsiku ndi tsiku ankayamba kunjenjemera manja, kuthothoka mano ndi kusokonekera mutu. Mpaka Angerezi ali ndi chining'a chofanizira munthu wopenga ndi wopanga zipewa. Ku America mankhwalawa anawaletsa pantchitoyi mu 1941.

Nanga inu pabenchi panu musiyanitsa bwanji? Choyamba tembenuzani muwerenge. Mukaona mawu akuti fur felt, dziwani kuti ndi ubweya wa kalulu kapena wosakaniza ndi beaver. Mukaona 100% wool ndi nkhosa. Mukaona polyester, chimenecho chiponyeni pamulu uja, sindikudandaula. Maina oti mtima ugunde mukawaona ndi awa: Borsalino ya ku Alessandria ku Italy, yomwe inayamba mu 1857, Stetson ya ku America ya mu 1865, Christys' ndi Lock za ku England, Dobbs, komanso Akubra ya ku Australia. Zina zimakhala ndi zilembo za X pa lamba wam'kati, ngati 4X kapena 10X. Pakampani imodzi, ma X akachuluka ndiye kuti ubweya ndi wabwinopo, koma kampani iliyonse imawerenga mwa iyo yokha, choncho musamakangane ndi kasitomala pa ma X a makampani awiri osiyana.

Ngati zolemba zinafufutika, funsani zala zanu. Cha kalulu chimakhala chopyapyala, chopepuka, chosalala ngati khutu la kamwana ka mbuzi, ndipo mukachitobwanya pang'ono chimabwerera chokha. Cha nkhosa ndi chochindikala, chokhakhala ngati bulangete lotchipa, ndipo mukachipinda chimauma ngati katoni. Yang'ananinso lamba wam'kati. Wachikopa chenicheni, wosokedwa bwino, wokhala ndi kamfundo kakang'ono ka riboni, ndi umboni wakuti kampaniyo sinaumire. Kamfundoko kamakuuzaninso kumbuyo kwa chipewa. Kusiyana kwenikweni kumaoneka mvula ikagwa. Cha kalulu madzi amangotsetsereka, chikauma chili chomwecho, pomwe cha nkhosa chimamwa madzi, kufota ndi kupindika khonde ngati tsamba la fodya.

Kudzutsa chakufa

Chipewa chatuluka m'belo chophwanyika. Musachichape. Ndibwerezenso, musachichape! Ndinaonapo mnyamata wina pamsika akutikita fedora yabwinobwino ndi burashi yochapira nsapato m'ndowa ya thovu, n'kuiyanika padzuwa pamwamba pa malata. Pofika madzulo inali itafota moti ikanangokwana mutu wa chidole, lamba wachikopa atauma ngati chikopa cha ng'oma.

Chofunika ndi ketulo pambaula. Madzi akawira, gwirani chipewa pakhonde ndipo lozetsani pophwanyikapo ku nthunzi yotuluka kukamwa kwa ketulo, motalikira ngati chikhatho chimodzi, kwa kanthawi kochepa. Nthunzi imafewetsa shellac uja. Chotsanipo, kankhani ndi zala kuchokera m'kati mpaka dengalo libwerere m'malo, gwirani choncho mpaka chizizire, ndipo chiumira momwemo. Chitani pang'onopang'ono, mbali imodzi kenaka ina. Nthunzi isamenye lamba wachikopa chifukwa amakwinyika, ndipo samalani zala, nthunzi imaotcha kuposa madzi. M'manja mukhale moyera, osati mwangomaliza kudya chipisi, poti felt yofunda imamwa mafuta msangamsanga. Khonde la fedora likapindika, liikeni pathebulo, yalani kansalu konyowa pamwamba n'kudinda mopepuka ndi simbi yosatentha kwambiri. Koma khonde la Homburg ndi la bowler musaliyandikize simbi, kupindika kwake n'kwadala ndipo mukakuwongola simudzakubwezanso.

Fumbi limachoka ndi burashi yofewa, yosagwirapo polishi. Ubweya wa chipewa unagonekedwa mbali imodzi, ndiye pesani motsata mmene wagonera. Mukachiyang'ana kuchokera pamwamba, burashi iziyenda mobwerera, motsutsana ndi mivi ya wotchi. Mukhale ndi maburashi awiri, ina ya zakuda ina ya zowala, kuopa kusiya ubweya wakuda pa chipewa chotuwa. Pakadontha mafuta, thiranipo paudala wa ana kapena ufa woyera wosalala, musiye usiku wonse kuti ukoke mafutawo, m'mawa mupese. Ngati sanathe bwerezani. Lamba wam'kati mupukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono. Akakhala kuti anathetheka, telala waluso akhoza kusokererapo wina, ndipo riboni yakunja nayo imasinthika.

Uzaninso makasitomala anu izi, chifukwa wogula amene chipewa chamukhalitsa ndi amene amabwera ndi mnzake. Chipewa sanyamulira potsinidwa paja kutsogolo kwa denga, ngakhale m'mafilimu amatero. Pamenepo ndi pamene pamayambira kuda, kenaka kubooka. Gwirani khonde kutsogolo ndi kumbuyo. Pochiika pansi, chigoneke chagada, denga pansi khonde m'mwamba, apo ayi khonde limaphwatalala. Chikanyowa ndi mvula, chikutumuleni, tembenuzirani kunja lamba wachikopa, chiume chokha pamthunzi podutsa mphepo. Pafupi ndi moto ayi, padzuwa ayi, pawindo lakumbuyo kwa galimoto ayi. Pa msomali chikhoza kugona usiku umodzi, koma chikakhalapo mwezi chimatuluka nyanga. Malo ake ndi m'katoni, mutaikamo timibulu toyera tija tothamangitsa njenjete, popeza njenjete ndi mphemvu zimaona ubweya ngati ndiwo. Nyengo yadzinja muzichitulutsa kuti chipitidwe mphepo, chingachite chuku.

Panama ili ndi malamulo akeake. Mvula ndi mdani wake. Kuuma kwambiri nakonso kumaithyola, makamaka potsinidwa paja, ndipo ikathyoka palibe mmisiri angailumikize. Ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo nyengo yotentha muziionetsa nthunzi mwa apo ndi apo kuti ifewe. Inu ogulitsa, musaunjike zipewa pansi pa majekete, komanso musaziyanike padzuwa tsiku lonse pabenchi. Dzuwa limadya utoto mbali imodzi, ndipo chipewa cha mawangamawanga palibe mkhoswe angachigule.

Mutu uli ndi saizi

Ambiri mumagulitsa mwa "tayesani bwana, chakukhalani", chonsecho chipewa chakhala pamakutu. Gulani tepi ya telala. Yezani mutu mozungulira, kudutsa pakati pa mphumi ndi pamwamba pang'ono pa makutu. Masentimita amene mwapeza ndiwo saizi ya ku Ulaya, ndipo amuna ambiri amagwera pakati pa 55 ndi 60. Angerezi ndi Amereka ali ndi manambala awo: mutu wa masentimita 57 ndi saizi 7 ku England, koma 7 1/8 ku America, pomwe wa 58 ndi 7 1/8 ku England ndi 7 1/4 ku America. Chipewa chokwana chimakhala chala chimodzi pamwamba pa makutu, sichigwa munthu akawerama, ndipo sichisiya mzere wofiira pamphumi. Chikakula pang'ono, pindani kapepala n'kukalowetsa kuseri kwa lamba wachikopa. Nyuzi inoyi ikhoza kugwira ntchito imeneyo, koma muyambe mwaiwerenga. Chikachepa kwambiri musamukakamize munthu, adzakutukwanani mutu ukadzayamba kuwawa pakati pa ulaliki.

Muthandizeninso kusankha. Wankhope yaitali yowonda chimamukhala cha denga lalifupi, wankhope yozungulira cha denga lokwererapo. Wamapewa aakulu asatenge trilby ya khonde la chala chimodzi, amaoneka ngati mphika waukulu wovundikira ndi kambale ka ndiwo. Homburg imafuna suti yakuda kapena yotuwa ndi nsapato zopolisha, ndipo imakhala mowongoka pamutu. Fedora imalola jekete wamba ndiponso kupendekeka pang'ono. Panama imayenda ndi zovala zowala, masana. Mfundo ya riboni yakunja pa chipewa chachimuna imakhala kumanzere, ikapezeka kumanja ndiye kuti mwavala chakutsogolo kumbuyo kapena mwagula cha amayi.

"Chotsa chipewa!"

Tafika pa nkhani imene imandiwawa ine. Chipewa chakhonde chili ndi ntchito imene kepu ilibe: chimapereka moni, chimapepesa maliro, chimalemekeza nyumba ya eni. Zonsezo chimachita pochoka pamutu. Munthu wosadziwa kuvula chipewa angosiya kugula, akuononga ndalama.

M'dziko muno nkhani yovula chipewa inafikapo mpaka pamaso pa boma. Nthawi ya atsamunda, Mfirika wovala chipewa akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kuchivula, ndipo akachedwa ankakuwiridwa kuti "Chotsa chipewa!", mwinanso kumenyedwa kumene. Mzunguyo chake chili pamutu, moni osabweza. John Chilembwe ataukira mu January 1915, boma linakhazikitsa komiti yofufuza chimene chinautsa mkwiyo, ndipo pakati pa madandaulo a msonkho, thangata ndi malo, Afirika ophunzira amene anakapereka umboni anatchulanso nkhani ya chipewayi. Wina anganene kuti kanali kankhani kakang'ono. Sikanali kakang'ono kwa mphunzitsi kapena mlaliki amene wasunga ndalama miyezi kuti agule suti ndi chipewa, n'kumakuwiridwa ngati mwana pamaso pa ophunzira ake. Iwo sankakana ulemu ayi, Amalawi ulemu tinabadwa nawo. Ankakana ulemu wa mbali imodzi, wolamulidwa ndi chikoti.

Lero palibe angakukuwireni. N'chifukwa chake kuvula chipewa kwasanduka chinthu cha mtengo wapatali, poti mukuchita mwa kufuna kwanu. Malamulo ake ndi osavuta. Panja chili pamutu: mumsewu, mumsika, pa depoti, pabwalo la mpira. M'sitolo ndi m'makonde a maofesi chikhoza kukhala. Koma polowa m'nyumba ya munthu, mu ofesi ya munthu, m'khoti, m'kalasi kapena m'tchalitchi, chivuleni pakhomo. Pakudya chivuleni, kaya ndi kuhotela kaya ndi pamphasa. Nyimbo ya fuko ikamaimbidwa, imani, chipewa kudzanja lamanja pachifuwa. Pemphero likayamba, ngakhale pansi pa mtengo, chichoke.

Pamaliro ndiye posachita kufunsa. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Galimoto ya maliro ikamadutsa pamsika, ngakhale muli pakati powerenga chenje, dzanja limodzi lipite kumutu. Kusiwa ndi kumanda chipewa chimakhala m'manja, dzuwa liswe mtengo. Pamaso pa mfumu chimodzimodzi. Kwa apongozi musadikire kufika pakhonde, vulirani kumphepete kwa bwalo, ndipo pokhala pansi chiikeni pabondo. Inu ankhoswe, pokamba za mbeta ya eni chipewa chili pamutu, musadabwe akakuchulutsirani mlandu.

Mukakumana ndi munthu wamkulu kapena mayi amene mukumudziwa pamsewu ndipo simuima, kwezani chipewa pang'ono n'kuchibweza. Mukaima kuti mulankhulane, chivuleni. Kwa mnzanu wa msinkhu wanu kugwira khonde ndi zala ziwiri n'kokwanira. Chikakhala m'manja, m'kati mwake muziloza kwa inu, anthu asamaone thukuta lanu. Ndipo chipewa cha mwamuna mnzako suvula pamutu pake, ngakhale mwanthabwala, anthu amenyanapo chifukwa cha zimenezo.

Tisasokoneze zinthu apa. Malamulowa ndi a chipewa chachizungu chachimuna. Kofia ya abale athu achisilamu imakhala pamutu mumzikiti ndi m'nyumba momwe, chifukwa kwa iwo kuphimba mutu ndiwo ulemu. Duku la amayi silichoka m'tchalitchi kapena pamaliro. Nduwira ya mfumu ndi nthenga za Angoni ndi zizindikiro za udindo, sizivulidwa poti wina walowa. Wovala Homburg asamayang'ane anzake ndi diso lofiira ati bwanji sakuvula.

Kwa eni ake ku Ulaya ndi ku America, zipewazi zinayamba kutha m'misewu cha m'ma 1960. Anthu atayamba kuyenda m'magalimoto a denga lalifupi ndi kusunga tsitsi, chipewa chinasanduka katundu. Ena amanamizira John F. Kennedy kuti ndiye anachipha, koma naye anavala top hat popita kukalumbira mu 1961, anangoivula polankhula. Zipewa zimene ana a kumeneko akuzitulutsa m'makabati a agogo awo ndi zomwe zikutipeza kuno m'mabelo. Zinapangidwa nthawi imene amisiri anali amisiri, ndipo zambiri n'zabwino kuposa zatsopano zimene mungazipeze m'tauni.

Tsono pangano lathu likhale ili. Belo likatsegulidwa, chakhonde chilichonse chiikeni pambali. Werengani m'kati, chisisiteni, chionetseni ketulo, chipeseni. Chikakhala cha kalulu, chipachikeni pamwamba pamthunzi, mutchule mtengo wa jekete labwino osaphethira, ndipo wokanganira mtengo mumufotokozere chifukwa chake, poti tsopano mukuchidziwa. Akalipira, musamulole achoke asanamve zitatu: asachigwire padenga, asachiyanike pamoto, ndipo akaona masamba pamsewu achivule. Malangizo amenewo ndiwo basera lanu.